Nsompho ya Malemu Augustino

Elias ankapukuta sowo ndi kansanza konyika m'palafini pamene mthunzi wa munthu unagwera pa chiguduli chimene ankayalapo malonda ake. Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, msika wa ku Bangula utadzaza.

"Tandipatsani iyo ndiione," anatero mwini mthunziwo. Anali mwamuna wamapewa otambalala, njinga yake ya kabaza ataitsamiza pa mtengo wa nimu.

Sankaloza zikwanje, tupa kapena nyundo. Ankaloza nsompho yosemera mabwato imene Elias anaiika padera pamwamba pa njerwa, yopanda mpini, itadyeka ndi dzimbiri.

"Imeneyo si yamalonda, achimwene, ndi yongoonetsa," anayankha Elias akumwetulira. Kwa zaka makumi awiri iye ankazungulira midzi panjinga, kugula zida zakale kwa amisiri opuma ndi kwa akazi amasiye. Chitsulo ankachidziwa pochinyamula ndi pochiliza ndi chikhadabo, ndipo akapeza womumvera sankachedwa kudzitama. "Onani apa ndapalapa. Mizere itatu ndi kamtanda. Chitsulo chake ndi cha njanji yakale. Anasula okha a Augustino a ku Makhanga, amene ankasema mabwato aja. Moyo wanga wonse nsompho zawo ndagwirapo ziwiri zokha."

Munthuyo anaitembenuza nsompho ija kawiri.

"Ine ndine Pedro. A Augustino ndi bambo anga. Nsompho iyi ndinaiika m'bokosi mwawo ndi manja angawa, pambali pa mwendo, monga anapemphera iwo eni. Yatuluka bwanji m'manda?"

Elias anatsegula pakamwa, koma chibakera chinafika mawu asanatuluke. Anagwa chagada pa zitsulo zake, zenga yomwetera udzu ndi kumucheka pamsana.

"Wofukula manda! Anthuni, wofukula manda uyu!"

Anzake a Pedro a kabaza anataya njinga zawo ndi kuthamangira pomwepo. Ogulitsa tomato ndi makala anatsatira. Ambiri sanafunse n'komwe kuti manda ake ndi a ndani. Wina anamuponda m'nthiti, wina anamumenya ndi mpini wa khasu m'khutu, ndipo phokoso lonse la msika linamveka ngati likuchokera pansi pa madzi.

"N'chifukwa chake amakonda zakale! Amagula kwa akufa!"

"Mafupawo ukugulitsa kuti, mfiti iwe?"

Ali chigonere, Elias anasuzumira pakati pa miyendo ya anthu ndipo anaona mayi Evelesi. Anali atakhala chapafupi, kuseri kwa beseni lawo la nyika, timizu todyedwa ta m'madambo, manja ali pakamwa. Ndiwo anabwera ndi nsomphoyo Lachiwiri, nanena kuti khasu lawo linaigunda kudimba, pa mchenga watsopano umene madzi osefukira anasiya kumunsi kwa Makhanga. Elias anawapatsa zenga yatsopano, iwo ndi kupita akusangalala. Anali mayi wokalamba, wokhala yekha, ana onse anamwalira. Elias anadziwa kuti akangowatchula, mayi amenewo sakafika amoyo ngakhale pamsewu.

Pedro anamugwira kolala ndi kumudzutsa.

"Anakupatsa ndani? Unali ndi ndani kumandako?"

"Kumanda sindinapiteko. Ndinachita kusinthanitsa."

"Ndi ndani?"

"Ndi munthu wosalakwa."

"Tchula dzina!"

Elias anapukusa mutu. Pedro anayang'ana pachiguduli paja, natola nyundo ya mpini wa mtsanya imene Elias anaikonza dzulo lake. Wa kabaza mnzake anaponda mkono wamanja wa Elias, kuukanikiza pa njerwa.

"Dzina!"

"Ayi."

Nyundo inatsika. Elias anamva zala zake ziwiri zikuphwanyika ngati nzimbe, ndipo kukuwa kumene kunatuluka kukhosi kwake sanakuzindikire kuti n'kwake. Amayi ena anatembenuka kuyang'ana kumbali, koma sanachoke. Kumbuyo kwa gulu kunamveka mawu ofuna tayala. Posakhalitsa tayala la galimoto linagubuduzika, anthu akulipatsa njira, ndipo analikoleka m'khosi mwake. Wina anathamangira kumsewu kumene amagulitsa petulo wa m'mabotolo.

"Patukani! Ndati patukani!"

Anali mayi Agnesi, amake a Pedro, amene ankagulitsa milamba youma kutsidya kwa msika. Uthenga unawapeza kuti nsompho ya malemu amuna awo yapezeka. Anakankha amuna akuluakulu ndi zigongono mpaka kufika pakati, natola chitsulo chija pamene mwana wawo anachigwetsa. Anayang'ana mizere itatu ndi kamtanda kaja, nkhope yawo ndi kuuma.

"Mayi," anatero Elias, magazi akutuluka m'kamwa, "musanandiotche, yang'anani kumsukako, kolowa mumpini. Kumeneko sindinapaleko. Kandani ndi chikhadabo."

"Asakunamizeni, mama!" anakuwa Pedro.

Mayi Agnesi anakanda. Chikhokho cha dzimbiri chinagamuka ndi kugwera m'dzanja mwawo.

"Mukuona chiyani?" anafunsa Elias.

"Mchenga woyera. Tizigoba ta nkhono." Anakoka kanthu kena ndi nsonga za zala. "Ndi kaulusi kobiriwira."

"Ka neti ya udzudzu, imene anthu amakokera nsomba. Kwanu ku Makhanga munkaika maliro m'dothi lakuda. Chitsulo chofukulidwa m'manda chimatuluka ndi dothi la m'mandamo, mpini wake ulipo ngakhale wofumbwa. Ichi chagona mumtsinje, chikugubuduzika ndi mchenga, zaka ziwiri kapena zitatu. Zina sindikudziwa, koma chitsulo ndimachidziwa."

Wa petulo uja anali atafika, botolo lili m'manja, chitsekerero atachotsa kale.

"Pedro," anatero mayi Agnesi motsitsa mawu, "muvule tayala munthuyu."

"Mama, munthu uyu wanyoza baba!"

"Nkhabe, sananyoze! Ndati muvule! Manda a bambo ako kulibe."

Mayi Agnesi anayang'ana mwana wawo m'maso, napitiriza.

"Chaka chatha, pamene ndinakuuza kuti ndikupita kukapikula nsomba, ndinakwera mwadiya, kabwato kaja, kupita kumudzi kwathu kwakale. Ndinatenga khasu loti ndikalambule pamanda. Wopalasa anaima pakati pa madzi nandiuza kuti, 'Mayi, ndi pano.' Mtsinje unasintha njira. Mtengo wa mtondo wa pamanda uja kulibe, mitanda kulibe, madzi okhaokha. Ndinabwerera ndi khasu langa louma."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze kuti utani? Chisamukireni kuno kumtunda, zaka zitatu, iwe n'kumangoti tidzapita mvula ikatha, tidzapita mvula ikatha. Ndinkati ukadzanyamuka wekha ndidzakuuza panjira. Sunanyamuke."

Pedro anayang'ana nyundo imene inali m'dzanja mwake ngati wina wangomugwiritsa. Anaiika pansi pang'onopang'ono. Kenaka anagwada, navula tayala lija m'khosi mwa Elias.

Anthu anayamba kumwazikana, aliyense akukumbukira malonda ake. Wa petulo anatseka botolo lake ndi kubwerera kumsewu. Pachiguduli panatsala sowo yopindika ndi matchizulo awiri basi. Zikwanje, tupa ndi mipeni, zonse zinapita ndi anthu omwe aja ankakuwa za wakuba.

Mayi Agnesi anakhala pansi, naika nsompho ija pambali, nang'amba mpango wawo ndi kumanga dzanja la Elias. Zala ziwiri zija zinali zitaloza kumene zala siziloza. Elias anaziyang'ana nthawi yaitali. Ndi zimenezo ankayesera kuthwa kwa mpeni.

"Bambo," anatero Pedro, maso ali pansi, "kwerani njinga ndikusiyeni kuchipatala. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Amene anaitolayo ndani? Sindimukhudza. Ndingofuna andionetse malowo. Mwina baba ali pomwepo, pansi pa mchengawo."

Elias anatembenuza mutu. Beseni la nyika linali pomwe paja, litagubuduka, mbuzi ikudya zimene zinatayika. Mwini wake kunalibe.

Anamvetsa kuti pempho la Pedro linali loona. Anakumbukiranso kuti theka la ola lapitalo munthu yemweyu ankafuna dzina lomwelo ndi nyundo, ndipo anzake a kabaza anali chikhalire chapafupi, makutu ali tcheru.

"Dzina simulimva kwa ine," anatero. "Ndikachira ndikawafunsa eni ake. Akalola, ndidzakutengerani ndekha, inu ndi mayi anuwa, popanda wina. Akakana, ndiye kuti zathera pomwepo."

"Nanga ndidikire mpaka liti?"

"Mwadikira zaka zitatu, achimwene."

Anatola nsompho ija ndi dzanja lamanzere, nailambalalitsa dzanja limene Pedro anatambasula, naiika pamiyendo pa mayi Agnesi. Njinga ya Pedro sanakwere. Anapinda chiguduli chake, nachipanira m'khwapa, nauyamba wapansi ulendo wa kuchipatala, dzanja lomangidwa lija atalikweza pachifuwa.