Masiki a Che Uladi

Uthenga wa Davide unafika Lachiwiri m'mawa, Uladi atakhala pakhonde la shopu ya utelala ya mkazi wake ku Malindi. Munali mu Novembala, ndipo malata anali atayamba kale kulira ndi kutentha anthu asanamwe n'komwe tiyi.

Uladi anachoka pamudzi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ulendo wa ku Joni monga amachitira anzake ambiri. Anatsuka magalimoto, anasenza katundu m'mashopu, mpaka mnzake wina anamutengera ku Lesotho, kumapiri kumene kumagwa chipale chofewa kuyambira mu Juni mpaka Ogasiti. Kumeneko anthu amabwera kudzatsetsereka paphiri atavala masiki, timatabwa tiwiri titalitali tomangirira kunsapato. Ntchito ya Uladi inali kupukuta masiki obwereketsa ndi kuveka alendo nsapato. Alendo akaweruka, iye ankatola alionse otsala n'kukagwa nawo yekha kuseri. Chaka chachitatu anasiya kugwa. Chaka chachinayi Davide, Mtaliyana amene ankayang'anira aphunzitsi, anamuitana n'kumuuza kuti nyengo ikubwerayi aziphunzitsa ana.

Tsopano Davide anali kwawo, ndipo anatumiza zithunzi zitatu za masiki ogwirapo kale ntchito amene anawapeza kwa mnzake. Mphunzitsi sayenda ndi masiki obwereka, analemba choncho. Usankhe pofika Lachisanu, ndidzabwera nawo mu Meyi. Unditumizire msinkhu wako ndi kulemera kwako.

Onse atatu anali okhota nsonga kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa wophunzitsa ana amatsetsereka chambuyo, maso ali pa anawo. Ofiira anali aafupi ndi opyapyala. Obiriwira anali apakatikati. Akuda anali aatali, otambalala, okongola mochititsa dyera. Uladi anawakulitsa ndi zala, kuwachepetsa, kuwakulitsanso, mpaka foni inatentha m'manja.

Mkatimo makina a Hidaya, mkazi wakeyo, ankangolira. Anali ndi mayunifolomu a sukulu khumi ndi awiri oti amalize. Nkhani ya uphunzitsiyi Uladi anali asanamuuze. Chibwerereni mu Seputembala, Hidaya akafunsa ngati ulendo uno wabweratu, iye ankangoti, "Tiona, Inshallah." Analankhulapo zolowa nawo pa boti la achimwene ake, ndipo Hidaya anazitenga ngati yankho.

Analowa m'shopu.

"Mayi a Sumaiya, tandiyezani msinkhu."

Hidaya sanadzutse mutu. "Mukufuna kanzu ina? Ya pa Eid ija mwaivala kawiri kokha."

"Ayi, msinkhu basi. Kuyambira kumutu mpaka pansi."

"Oyeza choncho ndi a bokosi la maliro, ndipo ife Asilamu sitilifuna." Komabe anadzuka, n'kuchotsa tepi m'khosi. Tepiyo inali yaifupi, choncho anamuimika kukhoma, analemba chizindikiro ndi choko pamwamba pa mutu wake, n'kuyeza kawiri. "Wani seveni thu. Ndani akufuna?"

"Abwana aja."

Hidaya anamuyang'ana pang'ono, kenako anabwerera pamakina.

Za kulemera zinamuvuta. Kuchipatala kunali mzere wa amayi a sikelo ya ana, ndipo anachita manyazi kulowerera. Anapita kumsika kwa Swadick, wogula nandolo ndi chimanga, amene sikelo yake inali yopachika pamtengo wa mango. Uladi anagwira ngowe ndi manja onse awiri n'kupinda miyendo, akulendewera ngati thumba. Azimayi ogulitsa usipa anafa nazo ziseko.

"Sikisite faifi," anatero Swadick. Kenako anatsitsa mawu. "Koma kwa inu, Che Uladi, muwonjezerepo atatu. Musandifunse chifukwa."

Anatumiza manambalawo. Pobwerera bondo lake lamanzere linayamba kuwawa, lomwe analipotokola chaka chachiwiri kuphiri kuja, ndipo anakhala kaye pamthunzi wa mzikiti. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Anaganiza za masiku atatu a m'basi, za mizere ya pachipata cha Mwanza, za chipinda cha anthu anayi chonunkha masokosi onyowa. Anaganizanso za boti la achimwene ake, limene masiku ano linkabwera ndi theka la ndowa. Palibe chimene chinamukoka mtima. Anangotsegulanso zithunzi zija.

Lachitatu ndi Lachinayi anakhalira zomwezo. Ankawerenga zimene anthu analemba pa intaneti, ndipo aliyense ankanena zake. Wina ankati woyamba kugula atenge ofika pachibwano, wina ankati okhota mbali zonse amaoneka aatali koma pachipale amagwira pang'ono, choncho utenge ofika pamutu. Wina ankati otambalala ndiwo abwino, wina ankati amapha mawondo. Netiweki ikathawa, ankakwera pachulu kuseri kwa nyumba. Sumaiya, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zitatu, anafunsa amayi ake ngati abambo akudwala.

Lachisanu atachoka ku mapemphero a Juma kumzikiti, Davide anaimba pa vidiyo. Kunja kunali phokoso la njinga zamoto, choncho Uladi analowa m'shopu. Hidaya anaimitsa makina.

Davide anali atavala chijuzi chofika m'makutu, masiki atatu aja atawatsamiritsa kukhoma. Analankhula m'Chingerezi chake chodumphadumpha.

"Uladi, ndikudziwa ukufuna akudawa. Aliyense amafuna akudawa. Koma awa ndi a chipale chakuya, cha kuno. Ku Lesotho kuja chipale n'cholimba, chambiri n'chopanga ndi makina. Udzatopa nawo, ndipo bondo lakolo lidzakutukwana."

"Nanga ofiirawo?"

"Opepuka, osavuta kukhota. Koma pakutha pa mwezi umodzi adzakuchepera. Ukadzafuna kuthamanga adzayamba kunjenjemera." Anakoka obiriwira n'kuwapinda ndi dzanja kuti Uladi aone kufewa kwake. "Awa ndi wani seveni wani, pafupifupi msinkhu wako. Sapambana pa chilichonse, koma amayenda paliponse. Ndi ana, pawekha, polimba, pofewa. Ali ndi chipsera apa, sichikulowa mkati."

Hidaya anali ataima kumbuyo kwa mwamuna wake. Chingerezi ankachimva cha apo ndi apo, koma katundu ankamudziwa.

"Afunseni," anatero, "zimenezi zimatha zaka zingati."

Uladi anazengereza.

"Afunseni, bambo a Sumaiya."

Anafunsa. Davide anamwetulira, n'kupatsa moni mayiyo ndi dzanja. "Akawasamala, zaka zisanu. Mwina zisanu ndi chimodzi." Ndipo anatambasula zala zisanu pa kamera, kuti pasakhale wosamva.

Uladi ananena kuti aimbanso, n'kudula foni.

Hidaya anakhala pampando wake, anatenga kabudula wa yunifolomu, anamuyang'ana ngati sakumudziwa, n'kumuikanso pansi.

"Zisanu," anatero. "Sumaiya adzakhala atatha msinkhu."

"Ndimafuna ndikuuzeni."

"Liti? Muli m'basi?" Sanakweze mawu. "Ine ndakuyezani ndi manja angawa, osadziwa kuti ndikuyeza ulendo. Mayi anu atadwala, ndinagona nawo kuchipatala ndine. Mpanda utagwa, ndinamanga ndine. Anthu amanditcha mkazi wa pafoni. Sindinadandaule. Koma kundinamiza ngati mwana, ayi."

"Sindinakunamizeni. Nanenso sindimadziwa."

"Mumadziwa. Munthu wosadziwa sakwera pachulu masiku atatu."

Uladi anakhala pa benchi ya makasitomala. Anafuna kunena za boti, za nsomba zimene zatha m'nyanja, koma zonsezo Hidaya ankazidziwa kuposa iye. Ndiye ananena china chimene anali asanauzepo munthu.

"Zaka zonsezi ndakhala wonyamula za anthu. Ku Joni sankandifunsa n'komwe dzina. Ichi chokha ndicho ndinachiphunzira ndekha, ndipo ndimachitha. Ndatopa, mayi a Sumaiya, sindikukana. Koma ndikachisiya pano, ndidzakhala munthu amene anapita n'kubwera, basi."

Kunja wina anaitana, kufunsa ngati diresi lake latha, ndipo Hidaya anayankha kuti mawa, osadzuka.

"Chipalecho chimakhala miyezi ingati?"

"Itatu. Ndi kukonzekera, inayi."

"Nanga miyezi yotsalayo mumakhala kuti?"

"Ku Joni. Maganyu."

"Za ku Jonizo zathera pano," anatero Hidaya. "Mukapita mu Meyi, Seputembala akupezeni pakhomo pano. Chaka chilichonse. Mukadzangodumphitsa kamodzi, mudzandipeza kwathu ku Namwera, ndipo musadzatume munthu."

"Zidzachepa zobwera nazo."

"Zichepe. Makinawa sanafe."

Uladi anavomera ndi mutu. Sanamve kupepuka kulikonse, koma anamva ngati munthu amene watula thumba limodzi n'kusenza lina.

"Tandionetsaninso," anatero Hidaya. Anatenga foni n'kuyang'ana zithunzi zija mmene amayang'anira nsalu pamsika, akufinya maso. "Akudawa ndi a matama. Ofiirawa ndi a mwana. Tengani amene anena aja. Koma muwauze akonze chipseracho asanabwere nawo, chinthu chimayamba kung'ambika pamene pali kale bala."

Uladi analemba uthengawo, mawu ochepa chabe. Davide anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu chovomereza. Makina anayambanso kulira. Sabata yonse yotsatira Hidaya ankamupatsa madzi osamba ndi chakudya mwaulemu wonse, ulemu wa mlendo.

Anakolola chimanga limodzi mu Epulo. Mu Meyi Uladi anakwera basi.

Masiki anawapeza atamudikira m'chipinda cha aphunzitsi, dzina lake litalembedwa pa kapepala. Anali olemera kuposa mmene ankaganizira. Tsiku loyamba anamupatsa ana asanu ndi awiri a ku Maseru, ndipo mmodzi analira kuyambira pamwamba mpaka pansi, atagwira magolovesi a Uladi osafuna kusiya. Uladi anatsika naye chambuyo, pang'onopang'ono, akumuuza kuti ayang'ane iye, asayang'ane phiri. Anakwera ndi kutsika kakhumi ndi kanayi. Poweruka bondo linali litatupa, ndipo anakhala pabenchi nthawi yaitali asanapeze mphamvu zovula nsapato.

Mnzake wina anali atamujambula vidiyo, ndipo anaitumiza kunyumba. Yankho la Hidaya linabwera mawa lake masana.

"Taona. Sumaiya akuti mwanayo ndi wamantha. Mbuzi yaswa awiri, mmodzi wafa. Muzivala chipewa."