Olowa Kumene pa Gulu la Tiyesenso

Loweruka m'mawa Triza anakana kupita ku intaneti kafe. Masiku onse ndiye ankayamba kukonzeka, diski yake ili kale m'thumba, koma tsikuli anangokhala pakhonde n'kumasankha mpunga.

"Alamu, nthawi ikutha," anatero a Mapopa Nyirenda atagwira njinga yawo. "Tikachedwa tikapeza makompyuta onse ali ndi anthu."

"Pitani nokha, alamu. Ine ndasiya."

A Nyirenda anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina pafupi ndi boma la Salima. Kwawo kunali ku Rumphi, kuno anabwera ndi ntchito. Triza anali mng'ono wa akazi awo, a Elsie, ndipo ankakhala nawo chimalizireni Fomu 4. Cha m'ma 2003 munthu wina atatsegula intaneti kafe pa bomapo, a Nyirenda ndi anzawo angapo anayambitsa gulu la pa imelo lotchedwa Tiyesenso. Munthu akalemba uthenga umodzi, unkafika kwa mamembala onse, a ku Salima, a ku Lilongwe ngakhalenso a ku Zomba. Pagulupo ankapatsana ntchito zoyeserera kulemba mapulogalamu, amene ndi malangizo ouza kompyuta zoti ichite.

A Elsie anatuluka m'nyumba akupukuta manja.

"Bambo a Mayeso, kodi simunaone zimene anamuyankha mwanayu sabata yatha?"

A Nyirenda anali ataziona. Triza analemba pulogalamu yake yoyamba, yoti kompyuta izifunsa dzina la munthu kenako n'kumupatsa moni. Pulogalamuyo inakana kugwira ntchito, ndiye anafunsa pagulu kuti walakwitsa pati. Stanley, membala wakale wa ku Lilongwe, anayankha kuti mafunso otere ndi a ku mkombaphala, akawerenge kaye buku. Ena awiri anawonjezerapo nthabwala zawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza pamene panali vuto.

"Stanley ndi wanthabwala chabe," anatero a Nyirenda. "Komanso masiku ano ndi a demokalase. Aliyense ali ndi ufulu wolankhula, ine sindingatseke munthu pakamwa."

"Nanga n'chifukwa chiyani anthu olowa pagulu lanulo sakhalitsa?" anafunsa a Elsie. "Si inu nomwe mumadandaula kuti mwatsala omwewo amene munayamba?"

Zinali zoona. Anthu ankalowa, kulemba kamodzi, kenako zii. Gululo linali litayamba kuzilala.

Ali mkati mokambirana, anafika mayi Hajara a nyumba yoyandikana nawo, kudzabwereka pampu ya njinga. Iwo anali alangizi a zaumoyo, ndipo ankayendetsa sikelo ya ana m'midzi ya kwa Maganga. Ataona nkhope ya Triza anafunsa ngati akudwala. A Elsie anawafotokozera nkhani yonse.

Mayi Hajara anakhala pansi pambali pa Triza.

"Za makompyutazo ine sindizidziwa, aphunzitsi," anatero. "Koma za anthu obwera koyamba ndimakumana nazo sabata iliyonse. Kale kusikelo kwathu mayi akabwera mochedwa kapena ataiwala khadi la mwana, tinkamukalipira pamaso pa anzake. Tinkaganiza kuti tikumuphunzitsa. Mwezi wotsatira sitinkamuonanso, ndipo mwana ankaphonya katemera. Titapita kumaphunziro anatiuza kuti tsiku loyamba ndilo limamanga kapena kugumula. Tinasintha, ndipo Alhamdulillah, amayi anayamba kubwerera."

"Ndiye munasintha chiyani?" anafunsa a Nyirenda.

"Zing'onozing'ono. Wobwera koyamba timamupatsa moni, timamutchula dzina. Timamuuza mmene zinthu zimayendera kuti asachite manyazi. Timamukhazika pafupi ndi mayi wina wozolowera woti azimuthandiza. Ndipo tinagwirizana kuti funso lililonse liziyankhidwa, ngakhale titalimvapo kambirimbiri. Kwa ife ndi lakale, koma kwa wofunsayo ndi latsopano."

"Zimenezo ndamva, mayi. Koma ndikamuletsa Stanley, anena kuti ndabweretsanso ulamuliro wakale uja woopsezana."

"Ufulu wolankhula si wa a Stanley okha," anayankha mayi Hajara. "Triza nayenso ali nawo. Ngati lero akuopa kufunsa funso, ufulu wakewo wapita kuti? Musalamule nokha ayi. Kambiranani nonse, mugwirizane mmene muzilandirira anthu. Koma a Stanleywo mulankhule nawo kaye paokha. Mukawadzudzula pagulu, muchita zomwezo zimene iwo anachita kwa mwanayu."

Triza anasiya kusankha mpunga uja. Kenako anati, "Ine sindinkafuna kuti andilembere pulogalamu yonse. Ndinkangofuna andiuze mzere umene ndalakwitsa."

"Mwamva, aphunzitsi?" anatero mayi Hajara akunyamula pampu ija. "Sikuti akupempha zambiri."

Tsiku limenelo a Nyirenda anapita okha ku kafe. Intaneti inali yochedwa ngati masiku onse, moti podikira kuti tsamba litseguke anali ndi mpata wabwino woganizira mawu oti alembe. Analembera Stanley yekha. Anamuthokoza chifukwa cha luso lake, n'kumuuza mosabisa kuti yankho lake lachititsa Triza kusiya, ndiponso kuti gulu likutha chifukwa atsopano akuthawa. Anamupempha kuti aionenso pulogalamu ija.

Stanley anayankha mkati mwa sabata. Poyamba anadziteteza, akuti iyenso anaphunzira movutikira popanda womunyengerera. Koma kumapeto kwa uthengawo anavomera kuti sanaganize zoti mawu ake angathamangitse munthu. Kenako analembanso uthenga wina wopita kwa gulu lonse.

"Triza, pepani chifukwa cha yankho langa lija," analemba motero. "Pulogalamu yanu ili bwino ndithu. Pa mzere wachitatu mwaiwala kutseka mawu ndi timizere tiwiri tam'mwamba tija. Tikasowa, kompyuta sidziwa pamene mawuwo athera. Ikanipo, muyesenso, mutiuze zotsatira."

A Nyirenda anasindikiza uthengawo papepala n'kupita nawo kunyumba. Triza anawerenga, n'kuseka.

"Timizere tiwiri tokha basi?"

"Tokhato, alamu. Nanenso tandivutitsapo kangapo."

Loweruka lotsatira anapita onse awiri. Triza anaika timizere tija, n'kuyesanso. Kompyuta inafunsa dzina, iye analemba, ndipo pagalasi panatuluka mawu akuti "Moni Triza". Anaitana mwini kafe kuti adzaone. Kenako analembamo dzina la a Elsie, la mayi Hajara, la mwana wa m'nyumba Mayeso, mpaka a Nyirenda anachita kumukumbutsa kuti pali ena akudikira kompyutayo.

M'masabata otsatira mamembala anakambirana za kalandiridwe ka anthu. Sanagwirizane msanga. Wina wa ku Zomba anati gululi lisasanduke sukulu ya pulayimale, wina anati mafunso osavuta aziwatayitsa nthawi. A Nyirenda analola aliyense kunena maganizo ake. Pomaliza ambiri anagwirizana kuti wolowa kumene azilandiridwa ndi moni womutchula dzina, azifunsidwa zimene akufuna kuphunzira, ndipo azipatsidwa kantchito kosavuta koyambira. Azipatsidwanso membala wakale woti azimuyang'anira. Anagwirizananso kuti kuseka funso la munthu n'koletsedwa, ndipo amene Chingerezi chikumuvuta ali ndi ufulu wofunsa m'Chichewa. Ntchito yolandira alendo anaipereka kwa Triza, poti iye ankadziwa mmene zimapwetekera.

Woyamba amene Triza anamulandira anali Binali, mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu amene ankathandizanso kulemba za kagawidwe ka madzi pakati pa alimi anzake. Binali ankapalasa njinga mpaka pa boma kuti apeze intaneti. Uthenga wake woyamba unali wodzaza ndi kupepesa. Anati sukulu analekera panjira, ndipo ngati walowa malo olakwika amukhululukire.

Triza anamuyankha tsiku lomwelo: "Takulandirani, a Binali. Simunasochere. Nanenso ndayamba posachedwapa. Tiuzeni zimene mukufuna kuti kompyuta izikuchitirani. Amene azikuthandizani ndi a Stanley."

Stanley anagwira ntchitoyo mosanyinyirika. Nthabwala sanasiye, koma tsopano ankaseka zolakwitsa zake zomwe. Mvula isanayambe, Binali anali atalemba kapulogalamu kosonyeza tsiku limene mlimi aliyense ayenera kulandira madzi m'munda mwake. Kanali kakang'ono ndipo kankalakwitsabe pena ndi pena, koma anakalemba yekha. Pambuyo pake anabweretsa mlongo wake kuti nayenso alowe. Mphunzitsi wina wa ku Chinguluwe analowanso, n'kuuza anzake awiri. Mauthenga anachuluka moti a Nyirenda ankalephera kuwamaliza onse pa Loweruka limodzi.

Tsiku lina masana a Nyirenda anakumana ndi mayi Hajara pamsewu akuchokera kusikelo, ndipo anawauza mmene gulu lakulira.

"Zikomo kwambiri, mayi. Malangizo anu aja anatithandiza."

"Musathokoze ine, aphunzitsi. Ingopitirizani. Vuto limabwera anthu akachuluka, akale n'kuyambanso kutopa ndi mafunso. Muzikumbutsana."

"Tizikumbutsana ndithu," anatero a Nyirenda.

Gulu lililonse, kaya ndi la pa intaneti kaya la m'mudzi, limakula ngati olowa kumene akulandiridwa bwino. Munthu watsopano mupatseni moni, muuzeni mmene zinthu zimayendera, mupezereni womuthandiza, ndipo muyankheni mwaulemu akafunsa. Ufulu wolankhula umayendera limodzi ndi udindo woonetsetsa kuti mnzathu sakuopa kulankhula. Aliyense amene lero ndi katswiri, tsiku lina anali mlendo wosadziwa poyambira.