Tulo ta Diso Limodzi

Chiyambireni amayi kuiwala zinthu, ine sindionanso tulo. Ukangophethira, atsegula geti, ulendo. Kawiri konse tawapeza pamsewu waukulu, magalimoto akuwaimbira hutala. Ndiye ndikafuna kutsamirako masana, ndimamanga lamba wa diresi kudzanja langa, nsonga inayo kudzanja lawo. Akangosuntha, ndadzuka.

Loweruka achimwene anabwera kudzationa, patatha miyezi itatu osaponda pakhomo. Anandipeza ndikusinza pampando, lamba ali kudzanja, TV ikudzilankhulira yokha. Inkaonetsa madolofini, nyama za m'nyanja zija zooneka ngati nsomba koma zopuma mpweya ngati ife. Akuti zikamagona, ubongo umagona mbali imodzi, inayo ili maso, diso limodzinso lili chitsegukire, chifukwa zikagoneratu zimira.

"Si iwe uyo?" anatero achimwene, akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinapsa mtima, kunena zoona. Dolofini amasinthako mbali kuti ina ipume. Nanga ine ndisinthana ndi ndani?

Ataona nkhope yanga, nthabwala zinathera pomwepo. "Masula chimenecho ukagone, amayi ndiwayang'anira ine. Munthu wamkulu sangamangidwe ngati mbuzi."

Ndinamasula, n'kukadziponya pabedi nsapato zili kuphazi. Abale inu, ndinagona tulo tofa nato.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa geti. Ndinatuluka chothamanga. Achimwene anali kuseri kwa nyumba, foni ili kukhutu, akuseka chikhakhali ndi anzawo. Amayi ndinakawapeza pafupi ndi shopu ya telala, chikwama chili kukhwapa, akuyenda ndawala kulowera kumsewu waukulu uja.

"Amayi! Mukupita kuti?"

Anandiyang'ana ngati mlendo. "Pepani mayi, musandichedwetse. Ndikukatenga mwana wanga wamkazi kusukulu. Anzake onse apita, watsala yekhayekha, watopa ndi kudikira. Ameneyo sadandaula, amangokhala phee, ndiye anthu amamuiwala."

Mwana wamkazi amayi ali naye mmodzi yekha, ndipo ndine.

Ndinalira pamsewu pomwepo, telala akuonerera, sindinachite nazo manyazi. Kenako ndinapukuta nkhope, n'kuwagwira mkono.

"Tiyeni ndikuperekezeni," ndinatero. "Tikamutenge."