Tsiku Limene a Kalipentala Analembetsa Dzina

Mapiritsi anali atatha masiku anayi apitawo, ndipo Lachitatu m'mawa a Kalipentala anagwa ali pa ntchito. Ankapala thabwa la chitseko m'shedi mwawo pamene m'maso munachita mdima. Atatsitsimuka anapezeka ali pansi pa utuchi, akazi awo atawagoneka chammbali ndi kuwaikira nsalu yopinda kumutu. Macheka anali pafupi penipeni ndi tsaya lawo.

"Wandiona ndani?" ndilo linali funso lawo loyamba.

"Bambo, mwatsala pang'ono kudzicheka nkhope, koma mukufunsa za anthu?" anatero akazi awo, misozi ili m'maso.

A Kalipentala anali atadwala khunyu zaka zisanu, koma kuchipatala anali asanapondeko ndi matendawa. Ankaopa kuti dzina likangolembedwa, nkhani imveka msewu wonse, ndipo anthu asiya kuwapatsa ntchito. Iwo anali mmisiri wotchuka, ndipo mipando yawo inali m'nyumba zambiri za m'deralo. Amene ankadziwa chinsinsichi anali akazi awo ndi aneba awo okha, mayi wogulitsa zovala zakale, amene mwana wawo wamkazi ankalandira mankhwala a khunyu kuchipatala chaching'ono chapafupi. Mwezi uliwonse anebawo ankapatula mapiritsi angapo n'kuwapatsira pampanda. Akachepa, ankabwerera kwa anesi n'kunama kuti ena atayika.

Masana a tsiku lomwelo aneba aja anabwera, nkhope ili yakugwa.

"Achimwene, musandiyese woipa mtima," anatero atakhala pa benchi. "Kuchipatala mankhwala atha, akuti mpaka mwezi wamawa. Mwana wanga naye anagwa dzulo pochokera ku mpopi. Ine kunama kwandikwana. Ndinanenapo kuti anagwera m'madzi, ndinanenapo kuti anadya makoswe. Ndinenanso chiyani?"

A Kalipentala anangoweramitsa mutu. Anali asanaganizepo kuti piritsi lililonse limene ankameza linkachoka pakamwa pa mtsikana uja.

Lachisanu anesi a pachipatala chaching'ono chija anatumizira a Kalipentala uthenga kuti akakonze shelefu imene inathyoka m'chipinda chosungira mabuku. Ananyamula nyundo, misomali ndi matabwa awiri, n'kupita. Chipindacho chinali chopanikiza: kabati yachitsulo pakona, tebulo limodzi, ndi mulu wa makaundula pansi. Patebulopo panali mayi wina wamagalasi, akuwerenga kaundula wamkulu uku akulemba pa kompyuta yam'manja. Anesi anati mayiyo amachokera ku ofesi ya boma imene imasonkhanitsa malipoti a zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, ndipo ntchito yake ndi kuyendera zipatala kuona ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zimene zikuchitika. Ogwira ntchito pachipatalapo ankangomutchula kuti Mayi Manambala.

A Kalipentala atayandikira tebulo kuti ayeze khoma, mayiyo anatseka kaundula uja n'kuikapo dzanja.

"Pepani bambo, si kuti ndikukukayikirani," anatero akumwetulira. "Muli mayina a odwala umu. Saonedwa ndi munthu wamba."

Iwo anangoti, "Palibe kanthu, mayi," koma mumtima zinawakhudza. Anayamba kukhoma, makutu ali tcheru.

"Anesi, ndithandizeni apa," anatero Mayi Manambala. "Lipoti lanu la mwezi uliwonse limati odwala khunyu muli nawo asanu ndi anayi. Kumalo a boma osungira mankhwala amakutumizirani okwanira anthu asanu ndi anayi, n'kuwonjezerako pang'ono. Koma amatha mwezi usanafike pakati. Ndipo taonani zimene mwalemba m'mphepetemu: anatayika, anagwera m'madzi, anadya makoswe, anadyanso makoswe. Kodi makoswe a kuno onse akudwala khunyu?"

Anesi anaseka, kenaka anausa moyo. "Ndikudziwa kuti amagawana. Koma ndingalembe bwanji munthu amene sindinamuone?"

"Simungalembe, ndipo musayerekeze kungopeka nambala. Lipoti lonama limavulaza anthu ngati lipoti loperewera. Koma ine ndikapita ku ofesi n'kukanena kuti kuno kukufunika mankhwala ambiri, andifunsa kuti a anthu angati. Ndiyankha chiyani?"

Anesi anaitanidwa panja. A Kalipentala anakhoma msomali umodzi, n'kuukhomanso ngakhale unali utalowa kale. Kenaka anakhosomola.

"Mayi, ndifunseko. Ndili ndi mnzanga wina, amadwala matenda amenewa. Akalembetsa, dzina lake limapita kuti?"

Mayi Manambala anavula magalasi n'kuwayang'ana bwinobwino. Sanafunse kuti mnzawoyo ndi ndani.

"Bwerani muone," anatero, n'kuwatembenuzira kompyuta ija. "Ili ndilo lipoti limene limachoka pano. Mukuonapo dzina la munthu?"

Panalibe. Panali mizere yokhayokha: amuna angati, akazi angati, ana angati, mankhwala amene anabwera, amene anaperekedwa.

"Dzina limatsala m'kaundula, kaundula amatsekeredwa m'kabati umo, kiyi amasunga anesi. Ine ndimaloledwa kuona pofuna kutsimikiza manambala, koma ndinasaina kuti sindidzaulula za munthu aliyense. Ndikatero ntchito yandithera. Kumene ndimagwira ntchitoko timaphatikiza malipoti a zipatala zonse, ndipo akuluakulu amayang'ana pamenepo pogawa mankhwala ndi madokotala. Mnzanuyo, kwa iwo, kulibe. Akhoza kugwa katatu pa sabata, koma papepala kuno kuli anthu asanu ndi anayi basi."

"Ndiye kuti akulakwitsa?"

"Ali ndi mantha, ndipo ndikumumvetsa. Koma mukamuuze zinthu ziwiri. Choyamba, mankhwala a khunyu dokotala amayezera munthu payekha. Mlingo wa mwana si wa munthu wamkulu, ndipo kumwa modumphadumpha n'koopsa. Chachiwiri, amene akumugawirayo naye akuperewera. Inu ndinu mmisiri. Munthu atakuuzani kuti mumupangire benchi la anthu atatu, tsiku lokhalapo n'kubwera khumi, vuto lingakhale la benchi?"

"Ayi," anatero a Kalipentala motsitsa mawu. "Vuto ndi la amene anandipatsa muyezo."

Anamaliza shelefu ija, n'kuigwedeza kuti aone ngati yalimba, n'kubwerera kunyumba. Atafika anawapeza akazi awo akuanula zovala.

"Mayi, Lolemba mundiperekeze kuchipatala."

"Shelefu sinathe?"

"Yatha. Ndikukalembetsa."

Akazi awo anaima ndi malaya m'manja, kukamwa kuli yasa. "Zaka zisanu ndakhala ndikuimba nyimbo yomweyi, inu osamva. Lero mwamva kwa ndani?"

"Kwa kompyuta," anatero iwo, ndipo onse awiri anaseka.

Lolemba a Kalipentala anavala malaya awo oyera, n'kukaima pamzere ngati wina aliyense. Atafika pamaso pa anesi anatchula dzina lawo momveka. Anesi sanadabwe, sanakweze mawu. Anangolemba, n'kuwapatsa kalata yokaonana ndi dokotala kuchipatala chachikulu. Kumeneko anawayeza, kuwapatsa mlingo wawowawo, ndi kuwalangiza kuti asamagwire makina odula ali okha mpaka kugwa kutasiya.

Atabwerako sanakhale chete. Aneba aja ankadziwa mabanja ena amene ankagawana mapiritsi mobisa, ndipo anayamba kuwafunsa mmodzimmodzi ngati angalole kucheza ndi a Kalipentala. Amene analola, iwo ankawayendera. Ena anakana ndithu. Bambo wina wokonza njinga, ngakhale analola poyamba, anawauza a Kalipentala kuti achoke pakhomo pake, koma patapita masabata awiri anabwera yekha ku shedi, n'kunamizira kudzabwereka nyundo.

"Ndiye mukuti dzina silituluka?" anafunsa chapansipansi.

"Ndinaona ndi maso angawa. Amatumiza manambala okha."

Makasitomala awiri anasiyadi kubwera atamva nkhaniyi, ndipo zinawapweteka a Kalipentala. Koma ena onse anapitiriza. Mphunzitsi wina anawauza kuti, "Ine ndimagula tebulo, sindigula matenda. Ndipo khunyu sapatsirana."

Mwezi woyamba lipoti la anesi linati odwala ndi khumi ndi asanu ndi mmodzi. Mwezi wachitatu linati makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Mankhwala sanachuluke tsiku limodzi ayi. Panali mwezi wina umene anaperewerabe, ndipo anesi anachita kukapempha ku chipatala china. Koma Mayi Manambala anatenga malipoti atatuwo n'kukawaika pamaso pa akuluakulu ake, ndipo mwezi wachinayi galimoto inatsitsa makatoni okwanira onse. Kuwonjezera apo, anakonza zoti dokotala azibwera pachipatalapo Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse.

Pa Lachiwiri loyambalo khonde la chipatala linadzaza. Mayi Manambala anabwera kudzaona mmene zikuyendera, ndipo ataona a Kalipentala pamzere anawapatsa moni ndi manja awiri.

"Ntchito yanga ndi kuwerenga ndi kutumiza," anawauza. "Koma sindingawerenge anthu amene sanabwere. Awa mwawabweretsa ndinu."

A Kalipentala anayang'ana khonde lonselo: wokonza njinga, agogo awiri, amayi obereka ana, ndi mtsikana wa aneba amene tsopano anali atatha miyezi iwiri osagwa. Chifuwa chawo chinatukumuka kuposa tsiku limene anamaliza chitseko chawo choyamba. Anesi atawapempha kuti alankhulepo mawu awiri, anaimirira osachita manyazi.

"Abale anga, ine ndinabisala zaka zisanu, ndipo pobisalapo ndinkamwa mankhwala a mwana wa eni ake. Musachite zimene ndinachita ine. Mukadwala, pitani kuchipatala, lembetsani, ndipo nenani zoona. Musagawane mankhwala. Dzina lanu limasungidwa mwachinsinsi, koma nambala yanu imakafika kwa amene amagawa thandizo. Boma limatumiza mankhwala molingana ndi anthu amene alembedwa. Tiyeni tilembetse tonse, kuti aliyense alandire akeake."