Mabotolo Ofiira a Lung Sawat

"Kodi eni malo amwa kale lero?"

Anafunsa ndi Lung Sawat (kwathu bambo wachikulire timamutchula kuti Lung), mlonda wa pageti, ataima pakhomo la chipinda chodyera, botolo la chakumwa chofiira lili m'manja. Amayi osankha zipatso anangoweramira mbale zawo za mpunga. Lung anadikira pang'ono, kenako analowera ku kanyumba ka mizimu, eni malowo, kamene kali pakona ya mpanda.

Ndinali nditangotha milungu itatu pa fakitale yowumitsa zipatso ija, m'tauni ya Lamphun, kumpoto kutali ndi Bangkok. Ndinachokera ku yunivesite n'kupatsidwa udindo woona za umoyo wa ogwira ntchito, desiki, ndi sikelo imene aliyense ankailambalala. Ndikalowa m'chipinda chodyera nkhani zinkatha, choncho masana ndinkadyera pa desiki panga.

Chimene ndinayamba kuona ndi malilime. Munthu akaseka kapena kuyasamula, lilime lofiira psuu. La Pa Lamai (mayi wachikulire ndiye timamutchula kuti Pa), kapitawo wa amayiwo, linkaposa onse, chonsecho ali ndi matenda a shuga.

"Pa, zofiirazi mumamwa mabotolo angati patsiku?"

"Iwe Tukta, zaka zinayi zonse zija ku yunivesite unkaphunzira kusuzumira m'kamwa mwa akuluakulu?"

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinabwerera ku desiki kukalembera a Khun Wirat, bwana wathu, kuti tikhale ndi sabata yopanda shuga. Anavomera msanga. Kulikulu ku Bangkok amakonda zinthu zojambulika. Kulikulu komweko n'kumene kunachokeranso kalata yoti wantchito wachikulire akayamba kusokonezeka maganizo, ndimutumize kwa dokotala, ndipo akapezeka nalo vuto apume pantchito. Lung anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa geti, kamene ndi ka mlonda osati kake. Akazi awo anamwalira kale, mwana ali ku Korea.

Lolemba ndinaika tebulo pabwalo, jagi yamadzi ndi nkhaka zoduladula. A Khun Wirat anakhala pambali panga ndi foni yawo yojambulira.

Mamawa Lung anaika botolo pa kanyumba kaja. Anapinda kapaipi komwera kuti kaloze kukhomo la mizimu, anayatsa lubani, anaphatikiza manja, n'kubwerera kugeti. Lubani atatha, Pa Lamai anatuluka m'shedi akupukuta manja, kulunjika komweko. Ataona bwana ndi foni anakhota ngati wakumbukira china, nalowa kuchimbudzi. Ine ndinamukwezera jagi ndikumwetulira.

Cha m'ma naini Lung anabweranso ndi botolo lina.

"Aa, wina wandipitirira lero," anatero akuseka, naliika pambali pa loyamba lija.

Dzuwa litakwera anabwera kachitatu. Ulendo uno sanaseke. Anayang'ana mabotolo awiri aja, timapaipi topindidwa mofanana, mapindidwe amene sachita wina aliyense pafakitalepo. Anayang'ana la m'manja mwake. Anaima pamenepo nthawi yaitali, nyerere zikukwera pa nsapato zake. Kenako anabwerera nalo.

"Mdalayu ali bwinobwino?" anafunsa a Khun Wirat.

"Ali bwino, bwana. Akuti lero ndi tsiku lalikulu kwa eni malo."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, nanyamuka. Sindikudziwa ngati anakhulupirira.

Pa Lamai anandikokera kuseri kwa mauvuni, kumene kutentha sikulola munthu kuima n'kumamvetsera za ena.

"Wakhuta tsopano, adokotala?"

"Pa, ine sindimadziwa."

"Miyezi isanu ndi itatu tikuchita zimenezi. Amaika, amaiwala, amaikanso. Lubani akatha timachotsa, iye akabwera amapeza poyera, mtima wake uli m'malo. Tili ndi masiku athu. Lolemba ndi ine."

"Bwanji osangotaya?"

Anandiyang'ana ngati ndalavula m'mbale.

"Kutaya chimene amwako eni malo? Kwanu munaleredwa ndi ndani? Chotsala chawo chimamwedwa. Ukuganiza ndimazikonda? Zimakoma ngati mankhwala a chifuwa."

"Mukanandiuza."

"Iwe umalemba."

Ndinachotsa tebulo lija, nkhaka ndinadya ndekha. Fomu ya kulikulu yotumizira munthu kwa dokotala ndinaiika pansi pa mapepala ena onse.

Titaweruka, njinga zamoto zitatha kutuluka, ndinapita kugeti. Mawu opepesa ndinali nditawakonza, koma kupepesa kunali kuvomereza kuti ndaona, ndipo mwana saona zotere mwa wamkulu. Ndinangoima ndi chikwama changa.

Lung anandikankhira kampando. M'kachipindamo munali mphasa, wailesi, chithunzi cha akazi awo, ndi kreti ya zofiira zija pakona. Botolo lachitatu lija linali pawindo, losatsegula.

"Ndiwe mwana watsopano uja wa sikelo?"

"Ndine, Lung. Tukta."

"Enawa sangandiuze. Amandikonda kwambiri." Anasisita maondo. "Iwe sunayambe kundikonda. Ndimaika kangati patsiku?"

Ndikananama. Ndinali nditanama kale kamodzi tsiku limenelo ndipo sizinandivute.

"Lero katatu. Masiku ena kanayi."

"Kuyambira liti?"

"Akuti miyezi isanu ndi itatu."

"Ndipo Lamai amamwa? Ndi shuga wake uja?"

Ndinayang'ana pansi. Kunja galimoto yodzaza zipatso inadutsa, fumbi linalowa pakhomo.

"Lung, ine sindinalembe kalikonse. Sindilemba. Palibe amene akuchotseni pano. Tikhoza kupita limodzi kwa dokotala Loweruka, popanda wina kudziwa. Pali mankhwala amene amathandizako."

"Geti ndimatseka?"

"Mumatseka."

"Ukudziwa bwanji? Umakhala utapita."

Anaimirira, nachotsa makiyi pa lamba wake. Anawayang'ana limodzilimodzi ngati akuwawerenga mayina, kenako anawabwezera pomwepo.

"Cholembera uli nacho m'chikwamamo?"

"Ndili nacho."

"Tulutsa. Ulembe zilembo zikuluzikulu, ndisaine lero lomwe, mawa undionetse ngakhale ndikane."

"Ndilembe chiyani, Lung?"

"Kuti Lachisanu ndikupereka makiyi."