Tabuleti ya Kuseri kwa Mpanda

Tsiku la Odete linali lodzaza kale: kutunga madzi, kupalira kachewere, kuchapa matewera a wakhanda, kusambitsa Anabela. Nanga nthawi yogwirira mwana tabuleti akanaipeza kuti?

Tabuleti yodzaza ndi mabukuyo anaibwereka kushikola, komwe ankathandiza nazo ana olumala. Mwana wake Anabela anabadwa ndi zala zopindika. Mwanayo ataigwetsa kamodzi, Odete anaitsekera m'sutikesi. Tsopano aporofesora, aphunzitsi a Anabela, anali atachenjeza kuti ikapitiriza kugona m'menemo, aipereka kwa mwana wina.

Chomuwawa kwambiri chinali kuseri kwa mpanda. Celestino, mwana wa Edite, wa manja ofooka kuposa a Anabela, ankawerenga mokweza pa tabuleti yake mpaka nkhuku kulowa.

"Awo anawasankhira yabwino," anadandaula Odete kwa mwamuna wake. "Si amaimba kwaya imodzi ndi aporofesora?"

Mawa lake anapita konko, ati kukabwereka sefa.

"Amake Celestino, ena muli ndi mwayi. Ife anatipatsa yoterera ngati mlamba."

"Sefa nayi," anaseka Edite, "koma maso anu sali pa sefa. Katengeni yanuyo tiziyerekeze."

Zinali zofanana ndendende. Kusiyana kwake, ya Celestino inatsamira pa kathabwa kokhomedwa mopendekeka, yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Mwana asavutike n'kunyamula, ntchito yake n'kuwerenga," anatero Edite. Anatsegula posinthira zinthu, nakuza zilembo. Anasankhanso kuti tsamba lizitembenuka ukangogunda, osati kukhwekhwereza chala. "Izi anandionetsa aporofesora. Ndinachita kufunsa."

"Ine shikola ndinalekeza panjira. Ndikanafunsa bwanji?"

"Pofunsa safuna setifiketi, amake Anabela."

Madzulo Anabela anagunda galasi ndi kuseri kwa dzanja, tsamba n'kutembenuka. Anagundanso. Odete atayandikira kuti amuthandize, mwanayo anati, "Amama, mukunditchinga."

Aporofesora atabwera Lachisanu, anapeza Anabela ali pakati pa buku lachiwiri. Tabuleti anamusiyira.

Chipangizo chikamuvuta mwana wolumala, tisachibise, ndipo tisachitire nsanje mnzathu. Tifunse, tichikonze kuti chigwirizane ndi thupi la mwanayo. Kwa Odete zonse zinadya thabwa limodzi la bokosi lakale, misomali inayi, chubu chophulika, ndi manyazi a m'mawa umodzi.