Oyilo pa Boti la Mphira

Dzina langa ndine Blackson. M'chaka cha 1989 ndinkayendetsa boti la mphira la bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Tinkalisunga pagombe la ku Malindi. Linali lotuwa, lopopa ndi pampu ya phazi, ndipo asodzi ankaliseka kuti ndi chubu cha thirakitala chopita kusukulu. Aseke asaseke, mvula ikadula msewu wa kwa Makanjira, mankhwala ndi odwala ankayenda pa chubu chomwecho.

Mzungu amene analibweretsa anandilangiza kasamalidwe kake: kutsuka ndi sopo ndi madzi basi, kulisunga pamthunzi, ndipo mafuta a mtundu uliwonse asaliyandikire chifukwa amadya guluu wa m'misoko. Ndinamva, ndinasunga m'mutu mwanga, osauzako munthu. Ndisaname, ndinkafuna wodziwa ndikhale ndekha. Ntchito zinali zosowa, ndipo wodziwa zonse za boti lako, mawa umupeza atakhala pa injini yako.

Wotsuka ndi kulondera botilo anali Mateus, msodzi wothawa nkhondo wa ku Meponda, ku Mozambiki, bambo wofatsa wa imvi zamsanga. Tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa iye anali panyanja, mkazi wake ali kumunda, ndipo aliyense anathawa kwakekwake. Zaka ziwiri zinatha osamva za mnzake. Ine ndinkangomupatsa ndowa, sopo ndi chiguduli n'kunena kuti, "Tsukani." Chifukwa chake sindinamuuzepo.

Lolemba lina mu Febuluwale, a Enelesi, namwino amene ndinkayenda nawo, anatsikira kugombe atagwira kapepala ka uthenga wa pa wayalesi.

"A Mateus, akazi anu dzina lawo ndani?"

"Joaquina, mayi."

"Ali moyo. Afika kumsasa wa kumpoto sabata yatha. Koma miyendo yatupa, magazi awathera, ndipo kumeneko kulibe chowathandiza nacho. Lachinayi tikawatenga. Ndawayankha kale kuti atidikire."

Mateus anakhala pansi pamchenga, nagwira mutu, kenako anayamba kuseka misozi ili chuchuchu. Inenso, ndi kuuma mtima kwangaku, ndinayang'ana kumbali.

M'mawa mwake ndinapita ku boma kukasaka petulo, yemwe ankavuta masiku amenewo. Ndinampeza tsiku lomwelo, koma ndinagona konko. Ku boma kunali mowa wozizira, ku Malindi kunalibe, nkhani yake ndi yomweyo.

Ine kulibe, Mateus analiyang'ana botilo ndi maso atsopano. Anaona ndere pansi pake, anaona mphira yatuwa mbuu ndi dzuwa, mtima wake sunalole kuti Joaquina akwere chinthu chotere ulendo wa maola asanu. Anapita kwa Che Sefu, mmisiri wokhoma maboti a matabwa pagombe lomwelo.

"Boti ndi boti, achimwene," anatero Che Sefu. "Lamatabwa likauma timalimwetsa oyilo wakuda, m'misoko timaonjezera dala. Wallahi, ngakhale dontho sililowa. Atate anga ankatero, ine ndimatero, ndani anamira?"

Mateus anapereka nandolo wake wa chithandizo wa mwezi wonse posinthana ndi chitini cha oyilo wotha ntchito ndi botolo la palafini. Anakwecha ndere ndi palafiniyo, napaka oyilo msoko uliwonse ndi chala, pang'onopang'ono, monga mayi adzozera khanda. Atatha analipopa mpaka kulimba gwa, nalikokera padzuwa kuti oyiloyo alowerere bwino. Linakhala pamenepo mpaka ine kubwerako.

Ndinafika Lachitatu masana ndi zigubu zanga. Ndili patali ndinaona chinthu chakuda chikunyezimira pamchenga, Mateus ataima pambali pake, manja kumbuyo, akumwetulira.

"Taonani, bwana Blackson. Mayi akwera boti laulemu."

Ndinalowetsa chikhadabo pamsoko wa kutsogolo, msokowo unangosendeka ngati khoko la nthochi yakupsa. Ndinamutukwana mawu amene sindingabwereze pano. Ndinatukwana kwawo, ndinatukwana umbuli wake, asodzi onse akumva.

"Safunsa anadya phula, bambo inu! Bwanji osafunsa?"

"Ndinafunsa, bwana," anayankha motsitsa mawu. "Ndinafunsa amene analipo."



Lachinayi tinapopa kuyambira m'mawa. Tikatseka apa, mpweya unkatulukira apo, ndipo titalinyamula, pansi pake panatsala pamchenga. Ndinayesa zigamba ndi guluu wa njinga, koma pa oyilo guluu sagwira. A Enelesi anaimbira bwana wathu kupempha kuti injini tiyimange paboti la msodzi. Bwanayo, atakhala pansi pa fani muofesi yake, anati katundu wa bungwe saikidwa paboti la munthu wamba, malamulo salola. Guluu weniweni anati atumiza kuchokera ku Blantyre. Mpaka lero ndikakumbukira mawu ake aulemuwo magazi amandiwira, ngakhale ndikudziwa kuti wolakwa woyamba sanali iye.

Mateus anapempha asodzi kuti ampalasire pabwato. Onse anakana, mpoto unali utakalipa ndipo bwato silikanafika. Ananyamuka wapansi. Patapita masiku atatu anabwerako, matope mpaka m'chiuno: mtsinje unali utadzaza, mlatho utapita, panalibe powolokera. Sanapume. Anatenga ndowa ndi sopo n'kuyamba kuchotsa oyilo uja, msoko ndi msoko, mpaka zala zinasupuka. Ndinagwada pambali pake kumuthandiza, ndipo apo m'pamene ndinamuuza malangizo onse a mzungu aja. Anangogwedeza mutu nati, "Zikomo, bwana, tsopano ndadziwa." Bola akanandimenya.

Guluu anafika patatha masiku asanu ndi anayi. Tinamata, tinadikira kuti aume, tinanyamuka. Mateus tinamusiya kuti malo akwanire odwala.

Tinabwerako mawa lake dzuwa lili paliwombo, titanyamula odwala asanu ndi mmodzi. Mateus anatichingamira m'madzi momwe, atavala malaya oyera obwereka kwa Che Sefu. Anagwira chingwe cha boti, maso ake akuyenda pankhope iliyonse. Anafika kumapeto, nayambiranso.

A Enelesi anatsika, madzi akuwafika m'mawondo, namugwira dzanja.

"Pepani, a Mateus. Sitinawapeze. Anawaika m'manda kumsasa konko."

Iye sanalire. Anapitiriza kugwira chingwe kuti boti lisatengeke ndi mafunde pamene odwala ankatsitsidwa. Wotsiriza atatsika, anafunsa osayang'ana munthu.

"Anamwalira liti, mayi?"

"Lamulungu lapitalo."

Ndinaona milomo yake ikuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Ndinapempha mumtima kuti a Enelesi aname, koma mayi aja sankadziwa kunama.

"Ndiye kuti Lachinayi lija anali moyo?"

"Anali moyo. Amayi anzawo akuti anawauza kuti awanyamule, akawakhazike pagombe ndi kamtolo kawo. Anadikira mpaka madzulo. Lachisanu anawanyamulanso."